Mfuti Yokalamba ndi Kasungidwe Kace

Lero tikambirana za mfuti zakale zija zimene zimatsekulidwa ndi mkono wacitsulo wokhala kunsi kwace, kumbuyo kwa kacitsulo kamene cala cimakoka poomba. Amene anazipanga amazicha lever-action, ndiko kunena mfuti yoyendera mkono. Nkhaniyi iri ndi nyengo yace. Mwezi wa February ukafika, cimanga cikayamba kukhwima, nguluwe zimalowa m'munda usiku ndipo anyani amatsika m'mapiri mbandakuca. Pamenepo mfuti imene inagona pangodya miyezi khumi imatulutsidwa, munthu naipukuta pfumbi ndi malaya, nanyamuka nayo. Koma zambiri za mfutizi zinapangidwa agogo a wozinyamulayo asanabadwe, ndipo zimene zacitika m'kati mwa mpope wace pa miyezi khumi ija, maso saziona ali kunja.

Mfuti zimenezi zinalowa m'mbiri ya dziko lino Azungu asanamange nyumba ndi imodzi yomwe pa Harare. M'mwezi wa October, 1888, Charles Rudd ndi anzace, otumidwa ndi Cecil Rhodes, anapangana ndi Lobengula, mfumu ya Amandebele, za miyala ya mtengo wapatali ya m'dziko muno. Ndipo mwa zimene analonjeza kumpatsa munali ndalama £100 mwezi ndi mwezi, mfuti 1,000 za Martini-Henry, ndi zipolopolo 100,000. Asilikali a kampani ya Rhodes amene anafika ku Mashonaland m'caka ca 1890 ananyamula mfuti za mtundu womwewo. Pa nkhondo ya 1896, imene Ashona amaicha Chimurenga, ndipo imene inafika kuno komwe pa mgodi wa Alice pafupi ndi Mazowe m'mwezi wa June, mfuti ya Martini inalira mbali zonse ziwiri. Ku Matabeleland ankhondo ena anali nazonso mfuti za Winchester za ku America. Boma litagula mfuti zatsopano, zakalezo zinatsikira kwa alimi, kwa alenje ndi kwa alonda a minda. Pakati pa alondawo panali anthu a kwathu amene anadza kucokera ku Nyasaland pa ulendo wa Ulere kapena wa Mthandizi. Iwo anali kunyamula mfuti ya mwini pulazi, popeza malamulo a masiku amenewo sanali kulola munthu wakuda kudzigulira mfuti yotere mwa kufuna kwace.

Tiyambe tazindikira kuti mfutizi ziri za mitundu iwiri. Woyamba ndiwo wa Martini, imene asilikali a Britain anailandira m'caka ca 1871. Dzina lace ndi la anthu awiri: Friedrich von Martini wa ku Switzerland anakonza citseko ca kumbuyo kwa mpope, ndipo Alexander Henry wa ku Edinburgh anakonza mizere yopota ya m'kati mwace. Mfuti imeneyi imadya cipolopolo cimodzi cimodzi. Mukatsitsa mkono, citseko cimagwa, khoko la cipolopolo cimene munaomba limatuluka, ndipo cipinda colongamo cina cimakhala poyera. Mukalonga ndi kukweza mkonowo, mfuti yacheredwa kale monga msampha. Iribe nyundo ya kunja. Pambali pace pa dzanja lamanja pali kacitsulo kooneka ngati dontho la madzi, kamene kamapendekera m'mbuyo posonyeza kuti yacheredwa. Zambiri za asilikali ziribe cotsekera ciri conse, kotero kuti Martini yolongedwa ingolindira cala basi. Kuyambira 1895 zambiri anazicotsa mpope wakale naikamo wa .303, nazicha Martini-Enfield. Ndipo kampani ya Greener ya ku Birmingham inapanga mfuti za zipolopolo zomwazika pa citseko ca mtundu womwewo.

Mtundu waciwiri ndiwo wa ku America, wa Winchester ndi Marlin. Izi ziri ndi nyundo yoonekera kunja, ndiponso kampope kena kunsi kwa mpope waukulu, kamene ndi nkhokwe ya zipolopolo. Zimakhalamo mondondozana ngati ng'ombe za m'mkwaso wopapatiza. Mkono ukatsika umataya khoko, nukankhira nyundo m'mbuyo, nukweza cipolopolo cina. Ukakwera umacilowetsa m'cipinda ndi kutseka. Yochuka koposa ndi Winchester ya 1894, imene anaikonza John Browning. Zinapangidwa zoposa 7,000,000, ndipo fakitale yace yakale ya ku New Haven inatsekedwa m'caka ca 2006.

Tsono za cakudya ca mfuti. Cipolopolo cathunthu ciri ndi ziwalo zinai: khoko la mkuwa, wonga wa m'kati mwace, mutu umene umauluka, ndi kambale kakang'ono ka pakati pa thako la khoko, kamene kakamenyedwa kamayatsa wongawo. Kameneka m'nkhani yino tidzakacha koyatsira. Mfuti iri yonse inalembedwa pa mpope mtundu wa cipolopolo cace, ndipo mau omwewo ali pa thako la khoko. Muwerenge onse awiri, ndipo ngati dzimbiri lafafaniza malembawo, afunseni amisiri a mfuti musanalongemo kanthu. Pali misampha pa maina. Winchester yakale yolembedwa .30 W.C.F. ndiyo imene masiku ano timati .30-30, ndipo .44 W.C.F. ndiyo .44-40. Koma .303 ya Britain ndi .303 Savage, ngakhale zimveka ngati mapasa, ndi zipolopolo ziwiri zosiyana, ndipo cina sicilowa m'malo mwa cinzace. Kuti cipolopolo calowa m'cipinda sindiko kunena kuti ndi ca mfutiyo.

Wonga nawo uli pawiri. Wakale ndi wakuda uja wa utsi wambiri, umene alenje a gogodera amaudziwa. Umapangidwa ndi makala, sulfure ndi mcere wina wa m'nthaka. Cipolopolo ca Martini-Henry, ca .577/450, cinali ndi wonga umenewu ndi mutu wa mtobvu wolemera magalamu 31, wokulungidwa m'pepala. Wonga wopanda utsi anaupeza Paul Vieille wa ku France m'caka ca 1884, ndipo mphamvu yace iposa kutali ya wakuda pa muyeso womwewo. Zipolopolo za Martini-Henry zinaleka kupangidwa zambiri kalekale, ndipo apa ndi pamene munthu wocenjera m'maso mwace amayesedwa kutola makoko akale ndi kuthiramo wonga wocotsa m'cipolopolo ca mfuti ina. Musayese. Citsulo ca 1880 sicinasulidwire mphamvu imeneyo, ndipo cikaphulika, nkhope yanu ndiyo iri pafupi ndi citseko, dzanja lanu lamanzere ndilo lagwira mpope.

Lamulo lina ndi la mfuti za nkhokwe ya kampope zokha. Popeza zipolopolo zimakhalamo mondondozana, mutu wa ca kumbuyo umagunda pa koyatsira ka ca patsogolo. Mutuwo ukakhala wosongoka, kugwedezeka kwa mfuti poomba kungathe kuyatsa cipolopolo ciri m'nkhokwe, nicho ciyatsa cinzace, pamalo pomwe pali zala zanu. Cifukwa cace zipolopolo zambiri za .30-30 za m'sitolo zimakhala ndi mutu waphwatalala kapena wobulungira. Winchester ya 1895, imene Theodore Roosevelt anapita nayo kukasaka ku East Africa m'caka ca 1909, iribe bvuto limeneli, popeza zipolopolo zace zimasanjikana m'kabokosi.

Tifike tsopano pa mdani weni weni wa mfuti yokalamba, ndiye mcere. Anthu ambiri amakhulupirira kuti mfuti imasungika ndi mafuta okha. Amaomba, nathira mafuta m'mpope, naiimika. Patapita sabata apeza m'kati muli dzimbiri lofiira pansi pa mafuta omwewo, nayamba kunena kuti mafutawo ngacabe. Mafuta alibe mlandu. Koyatsira ka zipolopolo zakale, makamaka za asilikali monga .303 zotsala pa nkhondo, kanali ndi mankhwala ochedwa potassium chlorate. Akapsa amasanduka potassium chloride, mbale wace wa mcere wa m'ndiwo, ndipo moto umaumwaza m'mpope monse kucokera kucipinda kufikira kukamwa. Amai onse adziwa zimene mcere umacita m'nyengo ya mvula: umakoka cinyezi ca mumpweya nunyowa wokha m'mbale. Umacita comweco m'mfuti. Kwa zaka zambiri asilikali anali kuganiza kuti utsi wa wonga umalowa m'citsulo nutuluka pang'ono pang'ono monga thukuta, kufikira m'caka ca 1922 pamene katswiri wa ku America, Wilbert Huff, anasonyeza kuti wolakwa ndi mcere wa koyatsira. Wonga wakuda umacitanso zofanana, popeza theka lace ndi kuposerapo silisanduka mpweya, koma limatsala ngati mwaye wokoka cinyezi.

Ndipo mcere susungunuka m'mafuta. Yesani nokha: thirani mcere m'kapu ya mafuta ophikira ndi wina m'kapu ya madzi, muone umene udzasowa. Cifukwa cace mankhwala a mfuti yoombera zipolopolo zakale ndi madzi otentha, ndipo ayenera kuthiridwa tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe kawiri.

Kacitidwe kace nkotere. Poyamba tsimikizani ndi maso ndi cala kuti m'cipinda mulibe kanthu. Pa Martini, tsitsani mkono, lozetsani kamwa la mfuti pansi, ikani fanelo m'cipinda, ndi kuthira ketulo yathunthu ya madzi owira pang'ono pang'ono, mosamala kuti asatayikire m'zitsulo za citseko kapena pa mtengo. Asilikali a Britain anali kucita motero ndi mfuti zao za .303. Gwirani ndi nsalu, popeza mpope udzatentha. Ndipo kutenthako nkwabwino, cifukwa kumaumitsa madzi otsala. Kenaka pititsani tinsalu touma mpaka kotsiriza katuluke koyera, ndipo pamenepo pokha ndi pamene mafuta alowe, pang'ono, pa kansalu. Winchester ndi yobvuta pang'ono, popeza zitsulo zace za m'kati nzambiri ndipo madzi akalowamo sacoka msanga. M'malo mothira, nyikani tinsalu m'madzi otentha a sopo, finyani, ndi kupititsa kangapo, mfuti mutaitembenuza cagada kuti dontho lisagwere m'kati. Marlin imalola kuti mucotse msomali wopota wa mkono ndi kusolola citseko, kotero mungathe kuitsuka kucokera kumbuyo. Mawa lace ndi mkuja yang'ananinso m'mpope. Kansalu kakatuluka ndi mtundu wofiirira, mcere ukalipo, bwerezani. Zipolopolo za m'sitolo za masiku ano zambiri ziribe mcere umenewu. Koma bokosi lakale la m'sutikesi mulitenge monga la mcere nthawi zonse.

Pali kulakwa kumodzi kumene kumapha mfuti za anthu akhama, osati za aulesi. Pogwiritsa nchito cingwe cotsukira, ambiri amacikoka copendekera mbali imodzi, ndipo cingwe ca pfumbi cimadya mlomo wa mpope monga cingwe ca ndowa cimadyera mwala wa pacitsime. Ndodo yotsukira yolowetsa kukamwa imacitanso comweco. Mlomo umenewo ndiwo wotsiriza kukhudza mutu wa cipolopolo, ndipo ukadyeka mbali imodzi mfuti imaponya pambali ngakhale wolozetsa akhale katswiri. Kokani cingwe mowongoka, kucokera kucipinda kunka kukamwa, ndipo mucicape kawiri kawiri. Mcenga ndi phulusa nzotsukira miphika. Pa mfuti zimacotsa kuda kuja kumene kumateteza citsulo. Mtengo wa mfuti umafuna mafuta a linseed opaka ndi cikhato. Mafuta a citsulo amaubvunditsa, ndipo cifukwa cace mfuti yothiridwa kumene mafuta muiimike cozondoka tsiku limodzi, kamwa pansi pa kathabwa, kuti otsala asatsikire m'mtengo. Musaisunge m'thumba la cikopa kapena m'bulangete, popeza izi zimasunga cinyezi.

Musanaombe mfuti imene yakhalitsa, itsekuleni ndi kusuzumira m'mpope kucokera kumbuyo. Pa Winchester ikani kapepala koyera pa citseko kuti kaunikire, musuzumire kukamwa mutatsimikiza kuti nkhokwe ndi cipinda ziribe kanthu. Kuno kwathu kuli mabvu aja oumba nyumba zao ndi dothi, amene amakonda bowo liri lonse lamdima, ndipo mpope wa mfuti ndi nyumba yomangidwa kale kwa iwo. Dothi lao, kapena matope olowa pamene munthu anapunthwa pa mzere, kapena kansalu koiwalika, zikwanira kutupitsa mpope kapena kuung'amba. Pukutaninso mafuta onse a m'cipinda. Khoko liyenera kumamatira ku makoma a cipindaco poomba, ndipo likaterereka pa mafuta mphamvu yonse imagwera pa citseko cokalamba. Mutaomba, tolani khokolo muliwerenge monga kalata. Likatupa, likang'ambika, likacita mzere wowala pafupi ndi thako, kapena koyatsira kakatulukira kunja, mfutiyo yatakasuka pakati pa citseko ndi cipinda. Imeneyo si nchito ya wosula makasu kapena wokonza njinga. Ipite kwa mmisiri wa mfuti wokhala ndi cilolezo, ndipo akanena kuti masiku ace atha, mverani.

Kaombedwe kace sikafuna mau ambiri. Thako la mfuti likhazikike m'phewa ndithu, makamaka la Martini-Henry, imene imakankha ngati buru ndipo yatupitsa mapewa a anthu ambiri oigwira mwamantha. Tsaya ligone pa mtengo, ndipo cala cifinye pang'ono pang'ono, osati kutsomphola. Mkono wa Winchester utsike mpaka pamapeto ndi kukwera mpaka pamapeto, mwamphamvu. Wousisita mwaulemu ndiye amene cipolopolo cimamtsamira pakati. Pocita zimenezi cala cikhale kunja, popeza mkono pokwera umabweretsa dzanja lonse pa coombera. Mukakoka ndipo mfuti siilira, musatsekule msanga. Zipolopolo zokalamba nthawi zina zimacedwa kuyaka. Khalani cilozere kumene munalozako, muwerenge mpaka 60, ndipo pamenepo mutsekule nkhope mutaipatutsa.

Ngozi zambiri za Winchester ndi Marlin zakale zimacitika pa nyundo. Ziribe kabatani kotsekera konga ka mfuti zatsopano. Cotsekera cace ndi kupumitsa nyundo pakati, pa kamphako kamene kali m'citsulo. Potsitsira nyundo pamenepo munthu amaigwira ndi cala cacikulu nakoka coombera, ndipo calaco cikakhala ca thukuta kapena cozizidwa ndi mame, nyundo imapulumuka, mfuti nilira. Kamphakonso kamadyeka ndi zaka. Ine ndiona kuti mlonda woyenda m'munda acita bwino kusiya cipinda copanda kanthu, zipolopolo zikhale m'nkhokwe. Kutsitsa ndi kukweza mkono sikutenga nthawi imene nguluwe ingathawire. Potulutsa zipolopolo madzulo, ziwerengeni. Kampope kophwanyika pang'ono kapena sipuling'i yofooka imatha kugwira cimodzi, nicidzatsika mawa pamene mwana akusewera ndi mkono wa mfuti imene aliyense akuti iribe kanthu.

Ndipo za usiku. Cimanga ca m'cigwa cino cimatalika kuposa munthu, ndipo cimene cikuswa mapesi mumdima cingathe kukhala nguluwe, ng'ombe yosokera, mwana wotumidwa, kapena munthu wanjala wodzathyola zitsononkho zitatu. Amene aomba phokoso asanaone mwini phokosolo adzayankha mlandu wa kupha munthu, ndipo kunena kuti ndinayesa nguluwe sikudzutsa wakufa. Kumbukiraninso kuti .30-30 imalasa bwino pa mamita 150 okha, koma mutu wace ukaphonya umauluka makilomita awiri ndi kupitirira. M'mapulazi muno komboni, sukulu ndi mseu sizikhala kutali kotero. Kumbuyo kwa nyama imene mukulozayo kukhale culu kapena phiri.

Kuyambira caka ca 2000 mapulazi ambiri a kuno anasintha eni, ndipo anchito ambiri, pamodzi ndi ana a anthu a kwathu obadwira konkuno, anabalalika. M'kusamuka kotero mfuti ina imatha kutsala m'manja mwa munthu wopanda pepala lace, kapena kupezeka m'katundu wa malemu pa tsiku logawa cuma. Lamulo la mfuti la Zimbabwe lifuna kuti aliyense wosunga mfuti kapena zipolopolo akhale ndi setifiketi yocokera ku polisi, ndipo setifiketi ya bambo siisanduka ya mwana monga imacitira njinga. Kusaka nyama kuli ndi lamulo lace lapadera, la Parks and Wild Life la 1975. Wopeza mfuti yotere asayese kuiomba kuti aone ngati ikali ndi moyo, ndipo asakwere nayo basi. Aitsekere pamalo posafika ana, zipolopolo aziike kwina, ndipo apite yekha ku polisi ya pafupi kukanena, kuti iwo amuuze m'mene idzafikire m'manja mwao.